Malikisi a vinyo: ndi katswiri uti woyenera kumulipira?

Wamalonda amene ali ndi botolo sitolo, bala kapena loji yaying'ono amadziwa kuti vinyo ndi katundu wovuta. Mowa wamba umayenda wokha, koma katoni ya vinyo yoodedwa molakwika imakhala pa shelefu miyezi yambiri itamanga mpamba. N'chifukwa chake malonjezo a akatswiri olawa vinyo amakopa: lipirani pa chaka, mudziwe botolo labwino musanagule. Funso la wamalonda wamng'ono n'lakuti ndalama imeneyo idzabwerera kapena ayi. Kwa ambiri, mayina otchuka kwambiri ndiwo osayenera kuwalipira.

Mayinawo ndi odziwika. The Wine Advocate inayambitsidwa ndi Robert Parker wa ku America mu 1978, ndipo ndi iye anatchukitsa kachitidwe kopatsa vinyo malikisi mwa 100. Parker anapuma mu 2019 ndipo tsopano kampaniyi ili m'manja mwa Michelin. Magazini ya Wine Spectator inayamba mu 1976, pomwe Decanter ya ku Britain inayamba mu 1975. Antonio Galloni, amene ankalembera The Wine Advocate, anatsegula Vinous mu 2013. James Suckling anachoka ku Wine Spectator mu 2010 n'kuyamba tsamba lake. Mayi Jancis Robinson a ku Britain amapereka malikisi mwa 20.

Onsewa ndi odziwa ntchito yawo. Vuto ndi katundu amene amamulemba. Mphamvu zawo zambiri zimathera pa vinyo wa ku Bordeaux ndi Burgundy ku France, wa ku Italy ndi wa ku California, amene amagulidwa ndi anthu osunga mabotolo zaka khumi m'zipinda zozizira. Pa mashelefu a ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu pamadzaza vinyo wa ku South Africa: Four Cousins, 4th Street, Drostdy-Hof, Robertson, Nederburg, KWV ndi wa m'mabokosi monga Overmeer. Wamalonda akhoza kulipira chaka chonse osapezamo mzere umodzi wokhudza botolo limene makasitomala ake amafunsa Loweruka madzulo.

Kenako pali mtengo. Masamba monga The Wine Advocate, Vinous ndi la James Suckling amalipiritsa madola oposa 100 pa chaka, ndipo amafuna khadi ya kubanki yotha kulipira kunja. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi kubanki yakhala ikuposa K1,700, choncho madola 100 ndi ndalama yoposa K170,000, ndiye kuti dolayo yapezeka kubanki komweko. Tiyerekeze kuti wamalonda amapeza phindu la K3,000 pa botolo. Ayenera kugulitsa mabotolo pafupifupi 60 owonjezera pa amene akadagulitsa kale kuti angobweza ndalama yolembetsera. Ameneyo ndi makatoni khumi a mabotolo asanu ndi limodzi. Amene sakuona kumene makatoni khumiwo adzachokere wapeza kale yankho lake.

Palinso mfundo ziwiri zobisika m'timalemba ting'onoting'ono. Yoyamba, masamba ambiri amadula okha ndalama ya chaka chotsatira pa khadi ngati munthu sanaletse. Yachiwiri, ena mwa iwo ali ndi mtengo wina, wokwera kwambiri, wa anthu amalonda ofuna kugwiritsa ntchito malikisi ndi mawu a katswiri potsatsa katundu. Wolembetsa pa mtengo wa munthu wamba n'kumasindikiza mawuwo pa menyu akhoza kukhala akuswa pangano.

Ngati pali ndalama yoti ituluke, ipite kwa amene amalemba za vinyo wa ku South Africa. Woyamba ndi Platter's South African Wine Guide, buku limene John Platter ndi akazi ake Erica anayamba kutulutsa mu 1980 ndipo limatuluka chaka ndi chaka. Limapereka nyenyezi mpaka zisanu, limafotokoza vinyo masauzande ochokera kwa opanga mazanamazana, ndipo silinyoza vinyo wotsika mtengo. Mmenemu wamalonda amatha kuyerekeza Pinotage wa kampani ina ndi wa ina, Chenin Blanc wa ku Swartland ndi wa ku Stellenbosch, n'kuona amene akupereka zambiri pa ndalama yochepa. Limagulidwa kamodzi m'masitolo a mabuku ku South Africa, pa randi, ndipo amene amapita ku Johannesburg akhoza kubwera nalo pamodzi ndi katundu. Buku limodzi likhoza kuthandiza amalonda atatu kapena anayi a msika umodzi atasonkherana.

Wachiwiri ndi Tim Atkin wa ku Britain, amene amatulutsa lipoti lapadera la vinyo wa ku South Africa chaka chilichonse, logulidwa palokha. Mu 2018 anapatsa Kanonkop Paul Sauer wa 2015 malikisi onse 100, ndipo botololo linasakidwa kwambiri. Lipoti lotere n'lothandiza mwini loji ya kunyanja kapena malo odyera olandira alendo akunja, amene amafunsa dzina la munda ndi chaka. Kwa bala ya m'tauni imene vinyo wotsekemera ndiye amatha msanga, n'kuwononga ndalama.

Ena anganene kuti malikisi apamwamba amagulitsa katundu, ndipo akunena zoona pang'ono. Kasitomala wofuna mphatso ya ukwati kapena ya abwana amalimba mtima akamva kuti botolo lili ndi nyenyezi zinayi. Koma malikisi ndi maganizo a lilime la munthu mmodzi. Mu 2004 Parker ndi Mayi Robinson anasemphana poyera pa vinyo mmodzi yemweyo, Château Pavie wa 2003. Parker anamuika pakati pa 96 ndi 100, pomwe Mayi Robinson anamupatsa 12 mwa 20. Ngati akatswiri awiri otere angasiyane chotero, wamalonda asayembekezere kuti nambala idzamuuza zimene kasitomala wake angakonde. Akatswiri ambiri amayamikira vinyo wosatsekemera, wowawirako, pomwe wogula amene wangoyamba kumwa vinyo nthawi zambiri amafuna wotsekemera.

Malikisi amakhalanso a chaka chimodzi cha zokolola. Nyenyezi zinayi za botolo la 2019 sizisamukira pa botolo la 2022 ngakhale dzina ndi lomwelo. Wogulitsa pikulitsa akatchula malikisi, wamalonda afunse kuti ndi a chaka chiti ndipo anapereka ndani. Timapepala tagolide tomata pa botolo nato tifunika kutiwerenga. Mipikisano monga Veritas ya ku South Africa ndi Decanter World Wine Awards ndi yodziwika, koma opanga vinyo amalipira kuti alowemo, ndipo amene sanalowe sanagonje. Chizindikiro chopanda dzina la mpikisano ndi chaka chikhoza kukhala chikomekome cha mkuyu.

Chinanso chimene katswiri wa ku London sangachidziwe ndi ulendo wa botolo. Vinyo amene wadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza m'galimoto yotentha mwezi wa October si yemwe analawidwa m'chipinda chozizira ku Cape Town. Kutentha kumaononga vinyo, ndipo chizindikiro chake ndi chitsekerero chotukuka kapena madontho ouma pakhosi la botolo. Vinyo wa m'bokosi ali ndi tsiku lake lothera. Ndalama yogulira malikisi ingagwire ntchito yaikulu itagula fani, kapena kusamutsa shelefu kuichotsa pa windo lowomba dzuwa.

Asanalipire aliyense, wamalonda ayambe ndi zaulere. Pulogalamu ya pafoni ya Vivino imalola kujambula chizindikiro cha botolo n'kuona zimene anthu wamba omwa vinyoyo ananena. Tsamba la Wine-Searcher limaonetsa mitengo ya m'masitolo a maiko osiyanasiyana, zimene zimathandiza kudziwa ngati wopikulitsa wakweza mopitirira. Pamwamba pa izi pali kope la m'sitolo momwemo: botolo liti latha m'masabata awiri, liti lakhala kuyambira pa Khirisimasi, ndi liti limene makasitomala afunsa koma palibe.

Muyeso wake ndi wosavuta. Wamalonda alembe mayina khumi a vinyo amene amagulitsa kapena angathe kuoda mwezi uno, kenako awafufuze pa tsamba la katswiri amene akufuna kumulipira, popeza masamba ambiri amaonetsa mayina ngakhale malikisi atabisidwa. Akapezamo asanu ndi awiri kapena kuposa, kulipira kuli ndi nzeru. Akapezamo awiri, ndalamayo akaodere katoni ina ya vinyo amene akuyenda kale.