Nkhuyu Zodya Mwana Zidapota Wamkulu: Za Kalata Yochitira Umboni Dokotala Wachinyamata

Akuluakulu akale adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Tanthauzo lake ndi lodziwika: mwana akapalamula, amene amakaima pabwalo la milandu ndi kholo lake kapena mwinimbumba. Mwambiwu umakumbutsa aliyense woyang'anira ena kuti zochita za munthu amene iye adamulera, kumuphunzitsa kapena kumuvomereza zimabwerera pakhomo pake. Masiku ano mwambiwu ukuyenera kumvekanso m'maofesi a zipatala zikuluzikulu, momwe madokotala akuluakulu amalemba makalata ochitira umboni achinyamata ofuna kukaphunzira ukatswiri wa matenda a m'kati mwa thupi. Kalata yotere imaoneka yaing'ono, tsamba limodzi kapena awiri, koma ndi unkhoswe wathunthu, ndipo iyenera kulembedwa ndi mantha a nkhoswe.

M'midzi ya ku Nzama, monganso m'madera ambiri a boma la Ntcheu, ukwati sumangidwa ndi anthu awiri okha. Mbali iliyonse imatulutsa nkhoswe, kawirikawiri malume kapena mchimwene wamkulu, munthu woti mwanayo adakula iye akuona. Nkhoswe akaima pamaso pa eni mbeta nanena kuti mnyamatayu ndi wolimbika pa khasu, sanena zakumva. Adamuona akulima kachewere m'mawa kukuzizira, adamuonanso atapsa mtima, ndipo akudziwa mmene amayankhira akadzudzulidwa. Ntchito ya nkhosweyo sithera tsiku lomwe tambala ndi msoti zasinthana manja. Banja likagwedezeka, mwana akadwala pakati pa usiku, maliro akagwa, mthenga amathamangira kwa iye. Nchifukwa chake munthu wanzeru ankakana unkhoswe wa mnyamata yemwe sakumudziwa bwino, ngakhale atamulonjeza mbuzi.

Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama m'chaka cha 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema, adatsegula sukulu, ndipo ana a m'midzi yozungulira adayamba kuwerenga ndi kulemba. Pang'onopang'ono umboni umene kale unkaperekedwa pakamwa udayamba kuyenda papepala. Wosamuka ankatenga kalata ya kumpingo, wofuna ntchito kutali ankatenga kalata ya kwa amfumu, womaliza sukulu ankatenga kalata ya mphunzitsi wamkulu yonena za khalidwe lake. Madokotala oyambirira a dziko lino nawo adafika kutali chifukwa padali anthu owaimira. Daniel Sharpe Malekebu, yemwe adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku America m'chaka cha 1917, adathandizidwa ndi Emma DeLany, mmishonale amene adamudziwa ali mwana ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Hastings Kamuzu Banda adapita ku America m'chaka cha 1925 mothandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, nadzamaliza udokotala pa sukulu yomweyo ya Meharry mu 1937. Onse awiri adatsegulidwa khomo ndi mawu a anthu owadziwa.

Lero njira yake ndi yaifupi pamtunda koma ndi yaitali pa zaka. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira amakhala zaka 5 kapena 6 asanalandire digiri yoyamba, kenako amagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, kuti bungwe la Medical Council of Malawi limuvomereze kwathunthu. Akafuna ukatswiri amaonjezera zaka zina 4, kaya pa digiri ya MMed, kaya kudzera m'bungwe la ECSACOP lomwe limaphunzitsa akatswiri m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa. Ku America ndondomeko ndi ina: ophunzira amapempha malo akadali m'chaka chomaliza cha sukulu, ndipo amagawidwa m'zipatala kudzera m'dongosolo lotchedwa Match, lomwe lidayamba mu 1952 ndipo zotsatira zake zimatuluka m'mwezi wa Malichi. Konseku osankha amafuna kumva mawu a amene adamphunzitsa kapena kumuyang'anira wopemphayo. Ku America kulemera kwa makalatawa kudakula kuyambira Januwale 2022, pamene mayeso a USMLE Step 1 adasiya kupereka malikisi n'kumangonena kuti wakhoza kapena walakwa.

Funso nlakuti, kodi satifiketi siyokwanira? Yankho lili m'ntchito ya katswiriyu. Iye ndi dokotala wa anthu akuluakulu amene sachiza ndi mpeni. Amalimbana ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, chifuwa chachikulu, Edzi, chibayo, matenda a mtima, a impso ndi a chiwindi, ndipo nthawi zambiri wodwala mmodzi amabwera ndi atatu mwa amenewa pamodzi. Mankhwala othandiza nthenda imodzi atha kuononga impso zomwe nthenda ina yafooketsa kale. Chida chake chachikulu ndi khutu ndi diso, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Pepala la mayeso limaonetsa kuti munthu adaloweza buku. Silinena ngati munthuyo amabwereranso pabedi la wodwala yemwe sakumumvetsa, ngati amavomera akalakwitsa mlingo wa mankhwala, ngati amamvera namwino wachikulire amene wamuchenjeza kuti wodwala wa pakona wasintha kapumidwe, kapena ngati amauza achibale nkhani yowawa mwaulemu. Zimenezi amaziona ndi amene adayenda naye m'wodi usana ndi usiku, ndipo kalata ndiyo njira yokhayo yozifikitsira kwa osankha.

Nthenda yoyamba ya makalatawa ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wolemba amaunjika mawu okoma, akuti mnyamatayu ndi wanzeru, wakhama, waulemu ndi wodalirika, popanda chitsanzo ngakhale chimodzi. Kalata yomweyo angathe kuichotsa dzina n'kuikapo la wina, osasintha chilichonse. Wosankha akawerenga makalata 50 otere samva kanthu, chifukwa aliyense wasanduka mngelo. Amene waluza ndi wophunzira wabwino weniweni, popeza wamira pakati pa anzake oyamikiridwa mofanana.

Nthenda yachiwiri ndi ya wamkulu wotanganidwa amene amati, "Kalembe wekha, ine ndidzangosaina." Tsopano pabweranso mapulogalamu a pakompyuta otha kulemba kalata yosalala m'mphindi imodzi. Palibe choipa kuti wophunzira akumbutse mphunzitsi wake masiku ndi ntchito zomwe adagwira, ngakhalenso kuti makina akonze galamala. Koma chiweruzo chokha chiyenera kuchokera mumtima mwa wosainayo. Kumudzi sikudamvekepo mkamwini wodzichitira yekha unkhoswe, nkhoswe n'kungogwedeza mutu.

Nthenda yachitatu ndi chibale. Nzoona kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo kuthandiza mwana wa kwanu si mlandu. Mlandu umayamba pamene dokotala wamkulu alembera mwana wa mnzake wa kumpingo kapena wa kumudzi kwawo umboni wa zinthu zomwe sadazione, kwinaku mwana wa mlimi wa ku Nzama, wopanda wachibale m'tauni, akulandira mizere itatu yozizira ngakhale kuti ndiye ankatsala m'wodi anzake ataweruka.

Nthenda yachinayi ndi yobisika kuposa zonse, kupha munthu mwakachetechete. Wamkulu wina amavomera kulemba pamaso, kumbali n'kulemba mawu ofunda pang'ono okha, odziwa kuti owerenga amva zomwe sizidanenedwe. Wina amazengereza mpaka tsiku lomaliza litadutsa, mwina chifukwa cha nsanje, mwina chifukwa safuna kutaya wantchito wabwino pachipatala chake. Chifukwa chachiwirichi chimaoneka ngati chikondi cha odwala, koma kumanga mwana miyendo kuti asachoke pakhomo sikudalemeretsepo mudzi. Atsikana ndiwo amapwetekeka kwambiri ndi kachetechete ameneyu. Mu 2003 Frances Trix ndi Carolyn Psenka adafalitsa kafukufuku wa makalata oposa 300 olembera anthu ofuna ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya udokotala ku America. Adapeza kuti makalata a akazi ankakhala aafupi, ankakhala ndi mawu obweretsa chikaiko kawirikawiri, ndipo ankatsindika za khama pomwe a amuna ankatsindika za luso ndi kafukufuku. Wolemba wa ku Malawi angachite bwino kudzifunsa ngati mtsikana amene wamutcha wofatsa ndi womvera sadali woyenera kutchedwa wakuthwa nzeru.

Alipo amene angatsutse, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Ena akuti akatswiri m'dziko muno ndi ochepa, kotero kalata yonena chilungamo chonse ingatsekereze dokotala yemwe dziko likumufuna. Ena akuti mwambo wa ulemu sulola kulemba zofooka za mwana wa mwini. Enanso akuti maiko akunja adazolowera makalata okokomeza, ndiye kalata yodzichepetsa yochokera ku Malawi ingaoneke ngati yonyoza, mwana n'kuluza malo.

Pa mfundo yoyamba, kuchepa kwa akatswiri ndiko kukuchititsa kuti malo aliwonse akhale a mtengo wapatali. Katswiri mmodzi adzaona odwala osawerengeka pa moyo wake ndiponso adzaphunzitsa mibadwo ya ophunzira, choncho kusankha molakwa kumabala zolakwa zina kwa zaka zambiri. Pa mfundo ya ulemu, makolo omwewo adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ulemu weniweni ndi kumuitana wachinyamatayo pambali n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, sindingakulembere kalata yamphamvu chaka chino, chifukwa pali izi ndi izi zofunika kukonza." Mawuwa amawawa tsiku limodzi, koma amapatsa munthu mpata wofuna mboni ina kapena wodzikonza. Pa mfundo yachitatu, mankhwala a kukokomeza si kukokomeza kwina. Kalata imalemera ndi zimene mboni idaona ndi maso.

Mwachitsanzo, kalata ina ingati dokotalayu ndi waluso kwambiri ndipo adzakhala katswiri wabwino. Ina ingati wolembayo adagwira naye ntchito miyezi 6 m'wodi ya amuna. Kuti usiku wina adakaikira zoti wodwala amene onse ankati ndi malungo adali ndi nthenda youmitsa khosi, nalimbikira mpaka madzi a pamsana atayezedwa. Kuti poyamba ankachedwa kulemba m'mafayilo koma atadzudzulidwa adasintha. Ndiponso kuti mwa achinyamata omwe wolembayo wawayang'anira, uyu ali m'gulu la ochepa amene angawasiyire wodi mtima uli m'malo. Kalata yachiwiriyi yatchula chofooka, komabe wosankha aliyense, ku Blantyre, ku Cape Town kapena ku Boston, aikhulupirira kuposa yoyamba ija. Nkhoswe amene amati mwana wake alibe chilema chilichonse amasekedwa akangotembenuka.

Adzukulu amene akulota za ukatswiri nawonso ali ndi gawo lawo. Asathamangire dzina lalikulu la pulofesa yemwe adangowapatsa moni kawiri pakhonde. Apite kwa amene adawaona akugwira ntchito, ngakhale udindo wake uli wocheperapo. Apemphe nthawi ikadalipo, pakuti pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo afunse mosabisa ngati mkuluyo angathe kulemba kalata yamphamvu. Apereke mbiri ya maphunziro awo, masiku amene adagwira naye ntchito ndi tsiku lomaliza kutumiza. Akalandira yankho, labwino kapena loipa, abwerere kukathokoza. Koposa zonse akumbukire kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kalata imayamba kulembeka tsiku loyamba m'wodi, pa mmene munthu amalankhulira ndi okolopa, anamwino ndi osamalira odwala amene agona pansi pafupi ndi bedi.

Pomaliza, mwini wake weniweni wa kalatayi sadzaiwerenga. Ndi gogo wa ku Nzama amene miyendo yatupa ndipo mpweya ukumuthera, amene achipatala cha pafupi amutumiza ku chipatala cha boma ku Ntcheu, a ku Ntcheu n'kumutumizanso ku chipatala chachikulu. Ana ake agulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya ulendo ndi chakudya. Gogoyo sangafunse dokotala za malikisi ake ndipo sadziwa amene adamuvomereza. Amangovula malaya n'kupereka chifuwa chake kwa mlendo, pokhulupirira kuti akuluakulu ena kwinakwake adamuyesa munthuyu n'kumuona kuti ndi woyenera. Wogwira cholembera aziganiza za gogo ameneyu asanasaine. Nkhoswe wa kumudzi akanama, mthenga ankadzamudzutsa usiku n'kukayankha pabwalo. Wolemba kalata yabodza palibe adzamudzutse, chifukwa nkhuyu zimene iye adalola mwana kudya zikapota munthu wina amene sadalakwe kanthu. Pachifukwa chimenechi, dokotala wamkulu alembe zimene adaona, azilembe mokwanira ndi pa nthawi yake, ndipo pamene sadaone kanthu akhale ndi mtima wokana.