Kodi Nyimbo Yopanda Mawu Ingatiuze Kanthu?

Tsiku lina m'kalasi mwathu munabuka mtsutso aphunzitsi atatimvetsera nyimbo ya piyano ya Frédéric Chopin. Mnzanga wina anati nyimbo yopanda mawu ndi phokoso chabe la azungu, ndipo Mmalawi sangatolemo kanthu. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndikukanabe.

Nyimboyi ndi ya nambala 15 mwa nyimbo 24 zifupizifupi zotchedwa Preludes, zomwe zinasindikizidwa mu 1839. Chopin anabadwira ku Poland mu 1810. Kumapeto kwa 1838 anapita ku chilumba cha Majorca, nakakhala m'nyumba yakale ya amonke ku Valldemossa, akudwala chifuwa, kunja mvula ikuvumba. Nyimbozi anazimalizira komweko. Pambuyo pake anthu ena, osati iye mwini, anaitcha nyimboyi Raindrop, kutanthauza dontho la mvula, chifukwa muli liwu limodzi limene limangogunda mobwerezabwereza pafupifupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Liwu limenelo ine ndinalizindikira msanga. Kwathu ndi ku Diamphwe, kufupi ndi mtsinje umene umalekanitsa maboma a Lilongwe ndi Dedza. Chaka chomwe agogo anga aakazi anadwala kwambiri, denga lathu laudzu linkadontha, ndipo amayi anatchera beseni pafupi ndi mphasa yawo. Usiku wonse madzi ankangoti tho! tho! tho! Agogo akapezako bwino, dontholo linkatigoneka tulo. Akayamba kubuula, dontho lomwelo linkamveka ngati likuwerenga nthawi yomwe yawatsalira. Anatisiya mvula isanathe.

Chopin anachita chimodzimodzi. Koyambirira nyimboyi ndi yofatsa. Pakati pake mawu a piyano amatsikira pansi, nakula mochititsa mantha, koma liwu lija silisintha. Kenako kufatsa kuja kumabwerera mwachidule, nyimbo n'kutha mwakachetechete. Kwa ine tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimodzi chomwecho chimatha kutonthoza kapena kuopseza, malinga ndi zimene zachizungulira.

Mnzanga angandiyankhe kuti nkhani ya agogoyi ndaiika ndekha m'nyimbomo. Zimenezo ndi zoona, pakuti Chopin sanafikeko ku Diamphwe. Komabe si nkhani iliyonse ingalowemo. Yesani kuikamo chisangalalo cha paukwati, muona kuti nyimboyo ikukana. Womvera amabwera ndi zake, koma nyimbo imasankha zoti ilandire.

Chinanso, ife Achewa sitiyenera kudabwa kuti kaliridwe ka chinthu kali ndi tanthauzo. Ng'oma ikalira usiku kutsidya kwa mtsinje, akuluakulu amadziwa ngati kwagwa zovuta kapena kuli chikondwerero, wina asanawauze. Ngakhale m'chiyankhulo chathu, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana. Timawasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa kwa mawu. Nanga ife ophunzira za chiyankhulo tingamati bwanji tanthauzo limakhala m'zilembo mokha?

Sindikunena kuti titaye bangwe ndi kaligo n'kuthamangira piyano. Ndikungopempha kuti tisamaweruze nyimbo tisanaimvetsere, pongoona kumene yachokera. Chopin anamwalira ku Paris mu 1849 ali ndi zaka 39 zokha. Patapita zaka zoposa 170, nyimbo yake yosakwana mphindi 7 inandikumbutsa beseni lija, ndipo ndinalira maliro a agogo amene ndinalephera kulira ndili mwana.