Lekani kuseka ofunsira PhD ya zandege

Pali funso limene ndatopa nalo, ndipo lero ndikufuna ndiliyankhe kamodzi n'kamodzi: "PhD ya aerospace engineering? Iwe wa ku Nkhata Bay? Udzadya ndege?" Ofunsawo si agogo a ku Chintheche kapena asodzi a ku Usisya ayi. Ndi anzanga ophunzira, a madigiri awo, amene amaseka akamva kuti ndikulemba makalata ofunsira malo a maphunziro a uinjiniya wa ndege ndi masetilaiti. Amati dziko la njala liyambe lakhuta, zakumwamba tidzaziona. Ine ndikuti maganizo amenewa ndi amene atikhazika pansi zaka zonsezi.

Aise, tayang'anani kumpoto konkuno. Pa 10 Juni 2024 ndege ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu asanu ndi anayi n'kutisiya, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Dziko lonse litafuna kudziwa chimene chinachitika, akatswiri ofufuza anachokera ku Germany. Sindikuwanyoza, anagwira ntchito yawo. Koma funso n'lakuti, bwanji pa tsiku lowawa chonchija tinalibe gulu lathulathu lodziwa kuwerenga zidutswa za ndege n'kutiuza zoona m'chinenero chathu? Amene mumati maphunzirowa ndi manyado, yankhani pamenepa.

Chitsanzo china chili pagombe pompano. Likoma ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera pano, ndipo Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, siidikira wodwala. Mu 2019 ma drone anayesedwa kunyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. Ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo ma drone mu 2017, ndipo mu 2020 kunabwera African Drone and Data Academy, mothandizana ndi Virginia Tech komanso MUST. Ndiye mlengalenga mwathu ntchito ikugwirika kale. Vuto n'lakuti tindegeto timabwera topangapanga. Ife timaphunzitsidwa kuulutsa ndi kukonzako pang'ono, koma wojambula phiko, wowerengera kuti batire lipirira bwanji mwera ukakwiya panyanja, amakhala kwina. Kuti munthu afike pamenepo pamafunika zaka za kafukufuku, ndipo kafukufukuyo ndiye PhD.

Ndikudziwa chimene munene: akapita sabwerera. Zoona, ena sabwerera. Koma mankhwala ake si kuuza mwana kuti asapite. Madokotala athu angati ali ku Manchester? Kodi tinatseka sukulu ya udokotala chifukwa cha iwowo? Zimbabwe ili ndi mavuto a zachuma osachepera athuwa, koma inatumiza mainjiniya ake ku Kyushu Institute of Technology ku Japan, ndipo mu Novembala 2022 setilaiti yawo yoyamba, ZIMSAT-1, inanyamuka. Uganda inachita chimodzimodzi ulendo womwewo. Sanadikire kuti aliyense akhute kaye.

Mukafuna kukwiya, kwiyirani zinthu zenizeni zimene zimatigwetsa. PhD imeneyi kuno kulibe, ndiye uyenera kufunsira kunja. Mayunivesite ambiri a ku America amafuna ulipire ndalama pongopereka fomu, ena mpaka madola 100, kaya akutenga kaya ayi. Uwonjezepo mayeso a Chingelezi a TOEFL kapena IELTS, ngakhale kuti waphunzira m'Chingelezi kuyambira Sitandade 5. Zonsezi n'zamadola, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola kubanki amakhala ngati nyanga ya kalulu. Kenako makalata atatu okuchitira umboni, ochokera kwa aphunzitsi amene ena mwa iwo imelo amaiyankha pakatha mwezi. Mwana wanzeru amagonja asanayambe n'komwe, osati chifukwa masamu amukanika, koma chifukwa thumba laphwa.

Ndiyenso anzanga ofunsira, nanu ndili nanu mawu. Lekani kulota NASA yokha. Ku America kuli malamulo otchedwa ITAR amene amaletsa alendo kugwira nawo kafukufuku wina wokhudza maroketi ndi zida zankhondo, moti ukhoza kufika n'kupeza zitseko zina n'zotseka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ku South Africa, Wits ndi University of Pretoria amaphunzitsa uinjiniya wa ndege. Stellenbosch inapanga setilaiti ya SUNSAT imene inapita kumwamba mu 1999. University of KwaZulu-Natal imapanga maroketi ake otchedwa Phoenix. Ku Kyushu komwe kuja kuli thandizo la maphunziro a masetilaiti ang'onoang'ono, la United Nations ndi Japan, lopangidwira anthu a maiko ngati lathuli. Ku Netherlands ndi ku Sweden PhD amailengeza ngati ntchito ya malipiro, bola ukhale ndi masitazi.

Ndipo polemba kalata yako, usalembe kuti unkakonda nyenyezi uli mwana. Aliyense amalemba zimenezo. Werenga zimene pulofesa amene ukumufunayo wafalitsa, umulembere iyeyo mwachindunji, umuonetse vuto limene iwe ukulidziwa kuposa iye: kandege kowoloka nyanja yamphepo katanyamula katemera, kotera pamalo opanda bwalo, kokonzeka ndi zipangizo zopezeka ku Mzuzu. Umenewo ndiye mwayi wathu, umene mwana wa ku London alibe.

Kwa inu oseka, sindikupempha kuti mundiombere m'manja. Ndikungoti mukamva mtsikana wa ku MUBAS kapena mnyamata wa ku Mzuni akuti akufunsira maphunziro amenewa, musamufunse kuti adzadya chiyani. Muwerengereni kalata yakeyo, mumubwereke laputopu, musonkheko ya mayeso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku lina ndege ikadzasowanso m'nkhungu ya ku Viphya, tidzafuna munthu wathu woti timufunse, ndipo munthuyo ayenera kuyamba sukulu chaka chino.