"Ndi wa ku Karonga weniweni": kodi tingadziwe bwanji?

Loweruka lapitali ndinali pamsika wa Nchalo kukagula mpunga. Amayi ena anandiitana: "Bwerani achimwene, uyu ndi Kilombero wa ku Karonga, mununkhizeni." Ndinanunkhiza, ndinalipira mtengo wokwera, ndinapita. Kufika kunyumba n'kuphika, fungo lija kulibe. Kaya anasakaniza, kaya amayiwo nawonso anapusitsidwa kumene anakaoda, mphuno yanga siyingagamule mlanduwo.

Musaganize kuti vutoli ndi la ife tokha. Ku Ulaya akhala akulimbana nalo pa mafuta a olivi, azitona a m'Baibulo aja. Dziko la Spain ndilo limayenga mafutawa kwambiri padziko lonse, koma dzina la Italy ndi lomwe limakoka makasitomala. Italy imagulanso mafuta ambiri ku Spain, Greece ndi Tunisia, ndiye mpata wolemba bodza pabotolo ulipo waukulu. N'chifukwa chake kuyambira 2009 malamulo a European Union amakakamiza kuti mafuta a olivi apamwamba azilembedwa kumene achokera. Koma chizindikiro ndi pepala basi, aliyense akhoza kudinda. Apa m'pamene asayansi analowererapo ndi njira yoyeza ma isotope.

Dzinalo lisakuopseni. Okosijeni yemwe ali m'madzi sali wofanana yense: alipo wopepuka, wa nambala 16, ndi wina wolemerako, wa nambala 18. Mitundu imeneyi ndiyo ma isotope. Kumalo otentha kumene madzi amauma msanga, wopepuka uja ndi amene amayamba kuuluka, wolemera n'kutsalira wochulukirapo. Mvula ya kumapiri komanso ya kutali ndi nyanja yamchere imakhala ndi wolemerayo wochepa. Mbewu ikamamwa madzi, kusiyana kumeneku kumalowa m'chipatso, m'mafuta, ngakhale m'njere ya mpunga. Miyala ndi dothi nazo zimasiya chidindo chawo kudzera mu mchere wina wotchedwa strontium. Makina a mu labotale amayeza zonsezi, n'kuona ngati mafuta olembedwa kuti ndi a ku Tuscany akufanana ndi ena a ku Tuscany odziwika bwino.

Chitsanzo china chili pakhomo pathu penipeni. Nzimbe ndi chimanga zimakoka kaboni mumpweya mosiyana ndi mitengo ndi maluwa ambiri amene njuchi zimapitako. Ndiye munthu akathira shuga wa nzimbe mu uchi, kaboni wa nambala 13 amamuulula. Njira imeneyi yakhala ikugwira ntchito kwa zaka zambiri pa malonda a uchi padziko lonse. Uchi wa m'mabotolo a juwisi umene timagula m'mbali mwa msewu uja, ukanalowa m'makina amenewa, ena akanasiya geni tsiku lomwelo.

Tsono nkhani ya mpunga ili ndi mbali ziwiri. Kilombero ndi dzina la mtundu wa mbewu, ndipo dzinalo ndi la chigwa china cha ku Tanzania. Karonga ndi malo. Mbewu yomweyo mukayibzala kwina, ikhalabe Kilombero koma siikhala ya ku Karonga. Ma isotope amanena za malo, osati mtundu. Ndipo ngati pali malo osiyana ndi ena m'Malawi muno, ndi kwathu kuno kuchigwa: Nsanje ndi dera lotsika kwambiri m'dziko lonse, kutentha kwake mukukudziwa nokha.

Koma makina paokha salosera ayi. Amangofananiza. Kuti anene kuti thumba ili si la ku Karonga, pafunika kuyamba mwatolera mpunga wotsimikizika wa ku Karonga, wa ku Nkhotakota, wa ku Muona, wa ku Nkhate, n'kuuyeza zaka zingapo, chifukwa chaka cha chilala sichifanana ndi chaka ngati 2023 pomwe namondwe Freddy anamiza minda. Ntchito yotere ndi yodula. Komabe khomo logogodapo lilipo: Malawi ndi membala wa bungwe la IAEA la ku Vienna, lomwe pamodzi ndi FAO limathandiza mayiko kugwiritsa ntchito njira zoterezi poyeza zakudya. Ndipo tili ndi Malawi Bureau of Standards, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972 kuti iziona za ubwino wa katundu.

Chimene chimandiwawa ine si ndalama yanga yokha ija. Ndi mlimi wa ku East Bank. Mpunga wake ukachoka m'munda umalowa m'thumba lopanda dzina, ndipo wina aliyense akhoza kuupatsa dzina la kwina n'kudyerapo. Wogula ukamukomera, ulemu upita ku Karonga. Mlimi wa ku Muona atsala ndi matope m'miyendo basi.

Ku Ulaya sanayambire pa makina. Anayamba ndi alimi kunena kuti "awa ndi athu, dzina lake ndi ili", ndipo mu 1992 kunabwera lamulo loteteza mayina a malo pa zakudya. Ifenso tingayambire pomwepo: magulu a alimi a m'masikimu azilongedza okha, n'kulemba sikimu ndi chaka chokolola pathumba. Achinyamata amene mumagulitsa pa WhatsApp ndi Facebook, lembani zoona: "mpunga wa ku Nkhate". Ogulanso tizifunsa kuti "mwaoda kuti?" m'malo mongonunkhiza.

Inu munagulapo "weniweni" wotani amene anakukhumudwitsani? Tiuzeni m'munsimu, koma osatchula mayina a anthu chonde.