Shop ya pa foni: zibani mau aya capital isanasile

Masiku ano aliyense ali na shop pa WhatsApp na Facebook: mawigi, nsapato, ma perfume, salaula. Koma bambiri bangena bizinesi osaziba chizungu chake, ndiye pamene ndalama ithawira.

Tiyambe na "pre-order". Apa kasitomala alipira katundu ikalibe kufika, kapena ikali ku Nakonde olo ku China. Iyo ndalama si yanu, mwandi. Mukaidya pa weekend, muzayamba kuzima foni monga kawalala.

"COD" ni kulipira katundu ikafika pakhomo. Makasitomala baikonda maningi, koma munthu akakana katundu, ndalama ya transport igwera imwe. Ndiye chifukwa bochenjera bapempha ka deposit pa Airtel Money olo MoMo.

"Dropshipping" ni kugulitsa vinthu vamene mulibe. Mwine wa katundu ndiye atumiza kuli kasitomala. Siifuna capital yambiri, koma size ikabwera yolakwika, otukwanidwa ndimwe.

Manje mvelani bwino apa: "turnover" si "profit". Tikambe kuti mwaoda nsapato K250 ku Kamwala, mwagulitsa K350. Iyo K350 ni turnover. Chosanipo K250 ya oda, K40 ya delivery na K20 ya bundle. Profit yanu ni K40 chabe. Mukagula lunch ya K100 ati "nagulitsa lelo", mwadya capital.

Gulani ka buku, muzilemba ngwee iliyonse yangena na yachoka. Ma like salipira renti.