GULUPU WADZAZA: KODI NDARAMA ZA ZIPATALA ZICHOKERE KUTI?

Ali yense amene anagonekapo mbale wache m'chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene anthu amachitcha Gulupu, adziwa za kudzaza kwache. Mabedi akatha odwala ena amagona pansi, ndipo kawiri-kawiri woyang'anira wodwala amapatsidwa kapepala kuti akagule mankhwala ku sitolo. Awerengi athu afunsa kuti bvuto limeneli lichokera kuti.

Chipatalachi chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, masiku a Chitaganya, pamene nchito ya zipatala inali m'manja mwa Boma la ku Salisbury. Chaka chomwecho anatsegulanso chipatala cha Mpilo ku Bulawayo. Koma taonani m'mene anthu achulukira. Pa kalembera wa 1966 Malawi anali ndi anthu ngati 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 17.5 miliyoni, ndipo mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu ngati 800,000. Zipatala zazikulu za Boma ziripo zinai zokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu.

Chinanso ndi ichi: Blantyre wakhala zaka zonsezi wopanda chipatala cha boma monga ali nacho maboma ena. Tsono matenda akalephereka ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa, wodwala alibe pena popumira koma ku Gulupu, kumene akalimbirana bedi ndi munthu wotumizidwa kuchokera ku Nsanje kapena ku Mulanje.

Tibwere ku ndarama. M'chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a Afirika anapangana ku Abuja kuti pa ndarama 100 ziri zonse zimene Boma limwaza, 15 zidzipita ku zaumoyo. Maiko ambiri a kuno sanafikepo, ndipo Malawi wakhala akutsamira pa thandizo la kunja. Chuma cha mwini sichimangirapo nyumba. Kuba kwa ndarama za Boma kutaululika mu 2013, maiko othandiza analeka kuika ndarama m'thumba la Boma. Mu 2025 Amereka anachepetsa thandizo lache ku maiko ambiri. Mankhwala ochuluka amagulidwa kunja ndi madola, kotero pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndarama zomwezo zinayamba kugula mabotolo ochepa.

Kodi anansi athu achita bwanji? Ku Zambia anakhazikitsa lamulo la inshuwaransi ya zaumoyo mu 2018: wanchito adula 1 peresenti ya malipiro ache, ndipo bwana wache aonjezapo 1 peresenti. Ku Zimbabwe kulephera kwa ndarama kunafikitsa madokotala a Boma pa kunyanyala nchito miyezi ingapo mu 2019, ndipo amene anazunzika ndi amphawi.

Ena anena kuti wodwala adzilipira pa khomo la chipatala. Ife tikaika nayo njira imeneyi, pakuti munthu wopanda kanthu adzachedwa kunyumba kufikira matenda atakula, nadzafika wofuna bedi lomwe lisowalo. Njira ya ku Zambia iri ndi nzeru, koma anthu a malipiro a pamwezi kwathu kuno ndi ochepa, ndipo sangasenze dziko lonse. Inu amene mudulidwa kale msonkho muli nako kuyenera kufunsa, musanadulidwe kena, kuti mankhwala ogulidwa ndi msonkho wanu amafika kwa wodwala kapena amathera panjira.

Maganizo athu ndi akuti zinthu ziwiri ziyambe: Blantyre akhale ndi chipatala chache cha boma, ndipo zipatala zazing'ono za m'malokesheni zikhale ndi mankhwala ndi anamwino okwanira. Aphungu akamakambirana ndarama za chaka m'Nyumba ya Malamulo, afunseni kuti pa 100 pali ponse aikapo zingati za zipatala.