NYENYEZI ZOTHOTHOKA M'NYENGO YA CHISANU

Mvula ikatha, chimanga chili m'mikukwe, thambo la kwathu kuno limayera ndithu, ndipo Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayikira m'njira. Pa nyengo imeneyi tifuna kupempha makolo chinthu chovutirapo: kudzutsa ana tambala woyamba akalira, ndi kutuluka nawo pabwalo ngakhale kukuzizira.

Chifukwa chake nachi. Chaka ndi chaka, cha pa 5 ndi 6 Meyi, nyenyezi zimathothoka zambiri m'bandakucha, kuchokera chakum'maŵa. Akatswiri amazitcha Eta Aquariids, ndipo ife okhala kummwera kwa dziko lapansi timaziona bwino koposa anzathu a ku Ulaya. Iwo amadikira za pakati pa Disembala, m'chisanu chawo, pamene ife kaŵirikaŵiri mitambo ya mvula imakhala itatiphimba.

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti nyenyezi ikathothoka ndiye kuti kwinakwake kwagwa maliro, kapena kuti mfiti ili paulendo. Mwana akamva zotere amabisa nkhope, osafunanso kuyang'ana kumwamba. Komatu chimene chimang'animacho si nyenyezi konse. Ndi kamwala, nthaŵi zambiri kosaposa kamchenga, kamene kamaloŵa mu mpweya wozinga dziko pa liŵiro la makilomita 66 pa sekondi imodzi. Kamatentha ndi kupserera komweko, pafupifupi makilomita 100 pamwamba pa mitu yathu, kasanafike ndi pamene mbalame zimaulukira.

Nanga timiyalati timachokera kuti? Ndi fumbi limene nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley imasiya m'njira yake pozungulira dzuŵa, ndipo dziko lathu limadutsa m'fumbilo m'mwezi wa Meyi. Edmond Halley wa ku England ndiye analemba mu 1705 kuti nyenyeziyo imabwerabwera pakapita zaka ngati 76. Inaoneka mu 1910 ndi mu 1986, ndipo idzabweranso mu 2061. Agogo amene anaiona mu 1986 ali ndi nkhani yokamba pamenepa. Ambiri a ife akuluakulu sitidzakhalapo tsiku limenelo, koma mwana amene mukumufunditsa bulangeti lero angathe kudzaiona ali ndi imvi.

Sipafunika chipangizo chilichonse. Yalani mphasa kutali ndi magetsi, mugone chagada, ndipo anyamata ndi atsikana asiye mafoni m'nyumba, pakuti maso amafuna mphindi 20 kuti azoloŵere mdima. Mwina padzapita nthaŵi osaona kanthu, ana n'kuyamba kudandaula. Kenaka ziŵiri kapena zitatu zidzang'anima motsatizana. Chaka chimene mwezi uli woŵala kwambiri zimaoneka zochepa.

Amene tulo tidzaŵagonjetse mu Meyi angayesenso cha pa 30 Julayi, ngakhale za pamenepo n'zosaŵala kwenikweni, ndiponso kwa a ku Dedza ndi ku Ntchisi bulangeti limodzi silidzakwanira.